Musanagule zipolopolo zosakira mbawala, suzumirani kaye mumpope wa chifefe chanu

Mwezi wa Okutobala ukamapita kumapeto kuno ku South Bend, mzinda wa m'boma la Indiana ku America, zimakina zikukolola chimanga ndipo masamba athothoka m'mitengo, foni yanga siipuma. Abale athu amene ayamba kumene ulenje amaimba ali chiimire m'sitolo, maso ali pa timabokosi tofiira, tobiriwira, tachikasu. "Achimwene, ndigule ziti? Pali zotchipa, palinso zina zodula katatu, koma zonse ajambulapo mbawala." Ine ndimawabwezera funso limodzi lomwelo chaka ndi chaka: mkati mwa mpope wa mfuti yanuyo ndi mosalala, kapena muli mizere yopota? Ambiri amayamba akhala kaye chete. Ndiye ndimawauza kuti abweze kabokosiko pashelefu, apite kunyumba akaone, tikambirane madzulo.

Ndikamati mbawala ndikunena nyama imene kuno amaitchula kuti whitetail, ya mchira woyera kunsi umene imauimika ikamathawa. Kwathu kulibe. Imafananako ndi mbawala yathu ya m'nkhalango za m'mbali mwa mitsinje, koma ino ndi yaikulupo, moti yamphongo yokhwima bwino, yodya chimanga ndi soya wa alimi a ku Indiana, imapitirira makilogalamu 90 mosavuta. Mfuti imene ndikunena ndi chifefe, chomwe kuno amati shotgun. Ine ndinakulira ku Ntchisi, komwe agogo anga aamuna anali ndi gogodera wothira wonga kukamwa, ndipo ankaikamo chilichonse cholemera chimene chalowa. Ndinabwera kuno ndi maganizo omwewo, akuti chipolopolo ndi chipolopolo. Maganizo amenewa anavutitsa nyama imene sinayenera kuvutika.

Chinali chaka changa choyamba. Ndinali nditagula Remington 870 yogwiritsidwapo kale ntchito, ya mpope umodzi wosalala wosakira mbalame. Bambo ake a mnzanga wa kuntchito, mlimi wachikulire wa kumwera kwa mzinda uno, anandilola kusaka kumphepete kwa munda wawo. Ndinapita kusitolo n'kutenga kabokosi kodula kuposa tonse, ndikuganiza kuti ndikuchita mwaulemu kwa nyamayo. Ndinaombera kawiri pa katoni pa mtunda wa mayadi 25, ndinalasa, ndinakhutira. Tsiku lachitatu la nyengo yosaka, dzuwa litapendeka, mbawala yaikazi inatuluka m'tchire n'kuima cham'mbali pa mayadi ngati 80. Ndinalozetsa bwinobwino kuseri kwa mwendo wakutsogolo, ndipo dzanja silinanjenjemere. Nditaomba inadumpha, inapinda msana, n'kulowa m'tchire mwapang'onopang'ono. Magazi amene tinapeza anali akuda, osakanizika ndi zam'mimba. Tinalondola ndi matochi mpaka pakati pa usiku, madala aja ali patsogolo ngakhale bondo linkawavuta. Tinaipeza m'mawa m'khwawa, ankhandwe a kuno otchedwa coyote atadya kale ntchafu zonse.

Madalawo sanandikalipire. Anangoti, "Mwana wanga, bweretsa mfutiyo ndi zotsalazo." Anakhoma katoni yaikulu ya firiji pa mayadi 80 omwewo, anandikhazika pa benchi, n'kundiuza kuti ndiombe ziwiri zimene zinatsala. Chimodzi chinalasa m'mphepete mwa katoni, kutali ndi pamene ndinaloza kuposa kutalika kwa mkono wanga kuchokera pachigongono. Chinacho chinaboola bowo lalitali ngati la kiyi pachitseko, kusonyeza kuti chinafika chogona cham'mbali, chikugubuduka mumlengalenga. Anasisita bowolo ndi chala n'kunena kuti, "Zipolopolo zako n'zabwino kwambiri. Koma si za mfuti iyi." Zonse zimene ndilembe m'munsimu zinayambira pa katoni imeneyo.

Choyamba, chotsani makatiriji onse mumfuti, tsegulani, onani ndi maso ndiponso pisani chala kuti mutsimikize kuti mulibe kanthu. Kenako werengani zimene anadinda pachitsulo cha mpope, pafupi ndi pamene umalumikizana ndi thupi la mfuti. Mupezapo zinthu ziwiri. China ndi geji, 12 kapena 20 kwa ambiri a ife. Nambala imeneyi imasokoneza chifukwa ikakhala yaing'ono ndiye kuti mpope ndi waukulu. Kawerengedwe kake n'kakale: mutatenga paundi imodzi ya mtovu n'kuumba timipira tofanana tokwana ndendende mumpopemo, tikatuluka 12 ndiye kuti mfutiyo ndi geji 12, tikatuluka 20 ndi geji 20. Pa mamilimita, geji 12 ndi pafupifupi 18.5 ndipo geji 20 ndi pafupifupi 15.6. Chinacho ndi kutalika kwa chipinda cholowa katiriji: mainchi 2¾, 3 kapena 3½. Katiriji wamfupi mutha kumuombera m'chipinda chachitali popanda vuto. Wamtali m'chipinda chachifupi, ayi. Choopsa chake n'chakuti amalowa ndithu ndipo mfuti imatsekeka, chifukwa kutalika kumene amalemba pakabokosi ndi kwa katiriji akatseguka kukamwa ataombedwa. Ndiye poomba, kukamwako kumasowa malo otambasukira ndipo mphamvu ya wonga imapanikizika kuposa muyezo.

Pali ngozi ina imene ndimaikumbutsa aliyense amene m'nyumba mwake muli mfuti za geji ziwiri. Katiriji wa geji 20 akalowa mumfuti ya geji 12 amatsetserekera kutsogolo n'kukakamira mumpope osaoneka. Munthu amayesa kuti sanaikemo kanthu, amaikanso wa geji 12 kumbuyo kwake, n'kuomba. Mpope umaphulika pamene pali dzanja lamanzere. N'chifukwa chake makampani a kuno amapanga makatiriji a geji 20 achikasu. Osasakaniza m'thumba limodzi la jekete, ngakhale tsiku limodzi.

Tsopano chotsani mpopewo pamfuti, kapena siyani mfuti yotsegula, muunike ndi tochi. Mukaona mkati mowala ngati paipi yamadzi yatsopano, muli ndi mpope wosalala. Mukaona mizere ikuzungulira ngati chingwe chopota kuyambira kumbuyo mpaka kukamwa, muli ndi mpope wamizere. Njira zanu zasiyana kuyambira pamenepa.

Ndiyambe ndi mpope wosalala, chifukwa ndi umene ambiri tili nawo. Chipolopolo chake ndi chimene pakabokosi amalemba kuti rifled slug. Dzinali lasocheretsa anthu ambiri, poti mawu akuti rifled amawapangitsa kuganiza kuti ndi cha mpope wamizere. Ayi ndithu. Mizere imene akunenayo ili pa chipolopolocho, osati pamfuti. Chodziwika kwambiri ndi cha mtundu wa Foster, chimene Karl Foster anachipanga mu 1931. Mukang'amba katiriji mupeza chibuluma cha mtovu wofewa, chachikulu ngati nsonga ya chala chamanthu, kutsogolo kobulungira, kumbuyo kobowoka ngati kachikho. Kulemera konse kuli kumutu. Amene munaseweretsapo chitsononkho cha chimanga chozikapo nthenga za nkhuku mukudziwa mmene chimaulukira: mbali yolemera imatsogola, yopepuka imatsatira. Foster amauluka chimodzimodzi. Timizere ta m'mbali tija sitimuzunguza kwenikweni. Ntchito yake yaikulu ndi kumulola kufinyika podutsa pakamwa pa mpope ngati m'pothina.

Pa geji 12, Foster wamba amalemera aunzi imodzi, omwe ndi magalamu 28, ndipo amatuluka pa liwiro la mafiti pafupifupi 1,600 pa sekondi. Remington Slugger, Winchester Super-X ndi Federal TruBall onse ali m'gulu limeneli. TruBall ali ndi kampira ka pulasitiki kumbuyo kwa chipolopolo komwe kamachithandiza kukhala pakati penipeni pa mpope, ndipo mu 870 yanga ndi iye amene anagwirizana nayo kuposa anzake. Osatenga zimenezi ngati lamulo. Mnzanga wina ali ndi mfuti yofanana ndi yanga, yake imakonda Slugger.

Palinso Brenneke, ya ku Germany, imene Wilhelm Brenneke anaipanga mu 1898. Iyi ili ndi kachidutswa kolumikizidwa kumbuyo komwe kamauluka nayo limodzi ngati mchira, ndipo mutu wake ndi wathyathyathya ndi m'mphepete mwakuthwa. Siphwatalala msanga ngati Foster, imalowa mozama, ndipo imadula bowo lozungulira bwino lomwe limataya magazi osavuta kulondola. Ngati kumene mumasaka kuli zitsamba zowirira, komwe nyama ikathamanga mayadi 40 simuionanso, Brenneke ndi yoyenera kuiyesa.

Onaninso choke, kachitsulo kopanira kukamwa kwa mpope komwe kamachepetsa bowo kuti njere zosakira mbalame zisamwazikane msanga. Pa zipolopolo izi mangani kolembedwa Improved Cylinder, kapena Cylinder. Kothina kwambiri kamene amasakira nkhukundembo kachotseni, si ka ntchito imeneyi. Ndipo dziwani malire anu. Ndi mpope wosalala wokhala ndi kamkanda kamodzi kolozera kunsonga, ine sindidutsa mayadi 50. Ndi zolozera ziwiri, chakumbuyo ndi chakutsogolo, ndimafika 75. Yadi imodzi imaperewera pang'ono pa mita, kwa amene mukuwerengabe mwa kwathu. Mphamvu yophera ilipo kupitirira pamenepo, koma chipolopolo chotakata chonchi chimataya liwiro msanga, chimagwa, ndipo mphepo imachikankha.

Zimene ndinagula chaka choyamba zija zinali sabot. Mawuwa ndi a Chifalansa, amatanthauza nsapato yamtengo. Chipolopolo chenichenicho ndi chaching'ono kuposa mpope, chosongoka ngati cha mfuti zazikulu zija amati rifle, ndipo chimavala chijasi cha pulasitiki. Mizere ya mumpope imagwira pulasitikiyo n'kuipota ngati nguli, pulasitiki imapotanso chipolopolo. Zikangotuluka kukamwa, chijasicho chimatseguka n'kugwa pansi mayadi angapo kutsogolo, chipolopolo n'kupitirira chokha chikuzungulira. Kuzungulirako ndi kumene kumachiongola. Mumpope wosalala mulibe chochipota, komanso kulemera kwake sikuli kumutu ngati Foster, ndiye chimagubuduka. Bowo looneka ngati la kiyi lija linabwera choncho.

Mukakhala ndi mpope wamizere ndi sikopu, sabot imasintha chifefe kukhala chida china. Hornady SST ya geji 12 ili ndi chipolopolo cha ma grain 300 (grain ndi kamuyezo kakang'ono ka kulemera) chotuluka pa mafiti 2,000 pa sekondi, ndipo ya geji 20 ndi ma grain 250 pa mafiti 1,800. Remington AccuTip ndi yolemerapo, 385 pa geji 12 ndi 260 pa geji 20. Kuti muyerekeze, aunzi imodzi ya Foster ndi ma grain 437 ndi theka. Ndi zimenezi munthu wozolowera, mfuti itatsamira pa chinthu, amalasa bwino pa mayadi 150. Ena amanena za 200. Ine sindinaombepo nyama kupitirira 130, ndipo sindiona chifukwa chochitira zimenezo m'minda ino momwe mbawala zimayenda njira zomwezomwezo madzulo aliwonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chaka chachiwiri ndinagulira 870 yanga mpope wina wamizere, wa mtundu umene chomangirapo sikopu chimakhala pa mpope penipenipo. Ubwino wake ndi wakuti mukauchotsa n'kuubwezeretsanso, sikopu siisokonekera kwambiri poti imayenda limodzi ndi mpope. Mossberg 500 imagulitsidwanso ndi mipope iwiri m'bokosi limodzi, wa mbalame ndi wa mbawala, ndipo kwa munthu amene akuyamba ndi ndalama zochepa ndimaona kuti ndi nzeru. Kodi Foster angaombedwe mumpope wamizere? Angaombedwe, palibe chimaphulika, koma mtovu wofewawo umamatirira m'mizere, ndipo mukaomba zingapo kulasa kumayamba kusokonekera. Mudzakhala usiku wonse ndi burashi mukupala. Palinso njira yapakati, choke chamizere chopanira pa mpope wosalala. Chimathandizako pa zipolopolo zina, koma mainchi ochepa a mizere sangafanane ndi mpope wonse.

Nkhani ya geji 12 kapena 20 anthu amakangana nayo ngati mpira. Ine ndili ndi mbali. Ndikanakhala kuti ndikuyamba lero, ndipo cholinga changa ndi mbawala basi, ndikanagula geji 20 ya mpope wamizere, monga Savage 220. Chifukwa chake ndi phewa. Geji 12 yokhala ndi slug imakankha zedi, ndipo pa benchi imakankha koposa chifukwa thupi silibwerera m'mbuyo. Mukaomba zisanu phewa limachita dzanzi, zikafika khumi thupi limayamba kudziteteza lokha: maso amatsinzina, mutu umadzuka, dzanja limagwetsa mfuti musanamalize kukoka tiriga. Munthu sadziwa kuti akuchita zimenezi. Muuzeni mnzanu akuikireni mfuti inu mutatembenuka, nthawi zina aikemo katiriji, nthawi zina asaikemo. Pamene mulibe kanthu mudzaona nokha nsonga ya mpope ikugwa pansi. Mbawala yolasidwa m'mapapo ndi geji 20 siisiyana ndi yolasidwa ndi geji 12. Yolasidwa m'matumbo chifukwa munthu anatsinzina ndiyo imasiyana.

Pa chifukwa chomwecho, makatiriji a mainchi 3 ndimawasiya pashelefu ngakhale mfuti yanga imawalola. Amawonjezera liwiro pang'ono koma kukankha kwambiri. Ngati muli kale ndi geji 12 ndipo ikukupwetekani, funani timabokosi tolembedwa low recoil kapena managed recoil. TruBall ya mtundu umenewu imatuluka pa mafiti 1,300 pa sekondi, ndipo pa mayadi 50 imachita ntchito yonse. Mkazi wanga anagwetsa nayo mbawala yake yoyamba. Geji ya .410, yomwe malamulo a kuno amailola, sindiilimbikitsa, makamaka kwa mwana kapena woyamba kumene. Chipolopolo chake n'chopepuka ndipo sichikhululukira kulakwitsa pang'ono.

Amene munagwirapo chifefe kumudzi kapena ku Joni mudzafunsa za SSG, makatiriji a njere zikuluzikulu. Kuno amati buckshot ndipo manambala ake ndi ena. Yodziwika ndi 00, yomwe pa geji 12 ya mainchi 2¾ imakhala ndi njere 9, iliyonse yaikulu ngati nandolo wonenepa, mamilimita 8 ndi pang'ono. Ya 000 ili ndi njere 8 zokulirapo, ya nambala 1 ili ndi 16 zocheperapo. Ku Indiana, Ohio ndi Illinois n'zoletsedwa kusakira mbawala ndi buckshot, ndiye kwa ife a kuno nkhani yathera pomwepo. Kumadera ena a kum'mwera chakum'mawa, monga mbali zina za Virginia ndi za Carolina komwe amasaka ndi agalu m'madambo owirira, ndi imene ambiri amagwiritsa ntchito. Mukaitanidwa kumeneko, kumbukirani kuti njere iliyonse payokha ndi yofooka, ndipo chimapha ndi kuchuluka kwa njere zolowa pachifuwa nthawi imodzi. Pakati pa mayadi 30 ndi 40 zimakhala zitamwazikana kale. Yesani pa katoni yaikulu, muwerenge njere zimene zalowa m'malo okula ngati mbale. Zikachepera theka, ndiye kuti mwatalikira. Mumpope wamizere musaikemo n'komwe, chifukwa kupota kuja kumamwaza njere mozungulira n'kusiya pakati popanda kanthu.

Tsopano za mtovu ndi mkuwa, chifukwa nyamayi timadya ndi ana athu. Chipolopolo cha mtovu chikamenya fupa chimasiya tizidutswa, tina tosaoneka ndi maso, m'nyama yozungulira bala. Mtovu ndi poizoni, makamaka ku ubongo wa mwana wamng'ono ndi kwa mayi woyembekezera. Slug yolemera yoyenda pang'onopang'ono siinyenyeka kwambiri ngati zipolopolo zaliwiro za mfuti zazikulu, komabe ine ndimadula mowolowa manja kuzungulira bala n'kutaya, ndipo nyama ya pamenepo sindiiponya m'makina ogayira. Palinso zam'mimba zimene timasiya kutchire. Chiwombankhanga cha mutu woyera, chizindikiro cha dziko lino, m'bale wake wa nkhwazi yathu ya kunyanja, chimatera pa matumbo amenewa m'nyengo yozizira, ndipo zambiri zimadwala ndi mtovu. California inaletseratu zipolopolo za mtovu pa ulenje uliwonse kuyambira mu Julaye 2019. Kuno sanaletse, koma mwana wathu woyamba atabadwa ndinasamukira ku sabot za mkuwa wokhawokha, Federal Trophy Copper. Zimatseguka kumutu ngati duwa, sizinyenyeka, ndipo kawirikawiri zimatulukira mbali inayo. N'zodula. Koma pa nyengo yonse ndimaomba ziwiri kapena zitatu pa nyama.

Zonsezi zimangokuthandizani kuchepetsa timabokosi pashelefu kuchoka pa makumi awiri kufika pa titatu. Kosankha komaliza ndi mfuti yanu, pa pepala. Mipope iwiri yochokera m'fakitale imodzi imatha kukonda zipolopolo zosiyana, ndipo palibe wogulitsa amene angakuuzeni zimenezi ali kuseri kwa kauntala.

Ndimachita chonchi. Ndimagula kabokosi kamodzi pa mtundu uliwonse mwa mitundu itatu yoyenera mpope wanga. M'kabokosi mumakhala makatiriji asanu. Ndimapita koyesera mfuti mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, tsiku lopanda mphepo, kusanadzaze anthu. Ndimatenga zotseka m'makutu, magalasi, thumba lamchenga, kathaulo kopinda koika paphewa, mbale za pepala ndi cholembera. Mbale ya pepala yodyera pa phwando ndi yofanana kukula kwake ndi malo a mtima ndi mapapo a mbawala, kuseri kwa mwendo wakutsogolo. Ndimayamba pa mayadi 25 ndi chipolopolo chimodzi, kungoti ndione kuti ndili papepala. Kenako pa 50, zitatu za mtundu umodzi, osasintha kalikonse pa sikopu. Apa sindikufuna kulasa pakati. Ndikufuna kuona ngati mabowo atatuwo ayandikana. Atatu ogundana kumanzere kwa mbale ndi abwino kuposa atatu omwazikana mozungulira pakati, chifukwa ogundanawo ndingawasunthe ndi sikopu, pamene omwazikanawo palibe chowabweza. Ndimalemba dzina la chipolopolo pambalepo, n'kudikira kuti mpope uzizire mpaka ndithe kuugwira bwinobwino, ndisanayambe mtundu wina. Pakati pa mitundu ndimapititsamo burashi, chifukwa pulasitiki ndi mtovu wa mtundu woyamba zimasokoneza wachiwiri.

Kagwiridwe kalinso ndi mbali yake. Amene anazolowera mfuti zazikulu amakonda kuisiya mfuti igone yokha pa thumba lamchenga. Slug ndi yochedwa, imakhala ikadali mumpope pamene mfuti yayamba kudumpha, ndiye mukaisiya lero n'kuigwira mawa mabowo adzakwera n'kutsika. Gwirani chogwirira chakutsogolo molimba, kokerani mfuti paphewa, ndipo muzichita mofanana nthawi zonse. Mpope weniweniwo usagone pa chinthu cholimba.

Mukapeza mtundu umene wapambana, bwererani kusitolo tsiku lomwelo mukagule timabokosi tinayi kapena tisanu, ndipo onani nambala ya loti, yosonyeza gulu la makatiriji opangidwira limodzi, imene amadinda pachivundikiro cha kabokosi kuti ikhale imodzi. Mukadikira sabata yotsegulira nyengo mudzapeza shelefu ili mbee, mudzatenga zimene zatsala, ndipo kuyesa kwanu konse kudzapita pachabe. Ndi timabokosi timeneti konzani sikopu, kenako ombani pa 75, pa 100, ndi kupitirira ngati muli ndi sabot, kuti muone ndi maso anu mmene chipolopolo chikugwera. Manambala a kuseri kwa kabokosi anayesedwa ndi mpope wa kufakitale, osati wanu. Pomaliza chokani pa benchi. Valani jekete lomwe mudzavale m'nyengo yozizira, khalani pansi kapena tsamirani mtengo monga mudzachitire kutchire, muombe pa mbale. Mtunda umene mukulasa mbale nthawi zonse, osati mwa apo ndi apo, ndiwo malire anu. Chaka chino anga ndi mayadi 110. Ndimayeza kuchokera pa nsanja yanga ya mumtengo n'kumanga kansalu pa mpanda pamene malirewo athera, kuti mtima ukamagunda ndisamayerekeze ndi maso.

Za malamulo ndinene mwachidule koma mundimvetse. Kabuku ka chaka chimenecho ka DNR, nthambi ya boma yoona zachilengedwe ndi ulenje, kawerengeni konse, chifukwa malamulo a zida amasintha ndipo boma lililonse lili ndi ake. Indiana inayamba kulola mfuti zina zazikulu pa minda ya eni mu 2016, ndiye chifefe si chokakamiza monga kale. Ambiri timachigwiritsabe ntchito poti mfuti imodzi yomweyo imasakira abakha, akalulu, nkhukundembo ndi mbawala. Ku Ohio ndi ku Illinois mfuti isakhale ndi makatiriji opitirira atatu. Ku Indiana aliyense wobadwa pambuyo pa 31 Disembala 1986 amayenera kuchita maphunziro a ulenje kuti agule laisensi yokhazikika, ndipo chovala cha mtundu wa lalanje wowala n'chokakamiza. Kwa ife obwera pali chinanso chachikulu. Wokhala ndi green card, chiphaso chokhazikikira m'dziko lino, amaloledwa kukhala ndi mfuti. Amene ali pa viza ya sukulu kapena yodzacheza, lamulo la dziko lonse limamuletsa kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo pokhapokha akhale ndi laisensi ya ulenje yogwira ntchito. Amene mapepala ake sali bwino asakhudze ngakhale kabokosi kamodzi. Abale a ku England ndi Wales, kwanuko kusaka nyama zimenezi ndi chifefe n'koletsedwa kupatula pa zifukwa zochepa monga kuteteza mbewu. Ndipo amene mukuwerenga muli kumudzi, izi si za ku Kasungu kapena ku Nkhotakota: lamulo la nyama zakutchire limene linakhwimitsidwa mu 2017 limafika pa zaka 30 za kundende pa milandu ikuluikulu.

Musamvere za anthu akuti slug siipita patali. Ikaphonya imapitirira mayadi mazanamazana, ndipo pa nthaka youma ndi chisanu imadumpha ngati mwala pamadzi. Minda ya kuno ndi yathyathyathya, nyumba ndi misewu zili kuseri kwa mitengo imene mukuiona. Nsanja ya mumtengo ndimaikonda chifukwa ndimaombera chotsitsa, chipolopolo chikadutsa nyama chimalowa m'dothi. Mbawala ikaima pamwamba pa kachitunda, kumbuyo kwake kukuoneka thambo lokha, ndimaileka ipite.

Nyengo ya mfuti kuno imatsegulidwa Loweruka la pakati pa Novembala ndipo imatha masiku 16. Usiku wa Lachisanu ndimatenga kabokosi kamodzi ka loti yomwe ndinayesa, n'kuyang'ana katiriji aliyense pansi pa nyali. Wa dzimbiri pachitsulo chakumbuyo, wotupa, kapena wophwanyika kukamwa chifukwa cholowetsedwa ndi kutulutsidwa kambirimbiri chaka chatha, ndimamuika padera kuti ndidzamuombere pa pepala. Asanu abwinowo amalowa m'thumba lakumanja la jekete, momwe ndayamba ndapisamo dzanja kutsimikiza kuti simunatsale makatiriji a mbalame a mwezi watha. Mfuti imayenda yopanda kanthu m'galimoto, imakwera mumtengo ndi chingwe ili yopanda kanthu, ndipo ndimaikamo atatu ndikakhala pansi n'kudzimangirira. Madala aja tsopano sakweranso mumtengo. Amakhala m'khitchini ndi khofi, zenera lili lotsegula pang'ono, ndipo akamva kulira kwa mfuti kamodzi kokha kuchokera kumphepete kwa munda amakalizira thirakitala kuti tikanyamule.